Ndiwagulire zoseweretsa zotani ana anga a zaka ziwiri ndi zisanu?

Tate wa ana awiri, Johannesburg

Ndikupereka moni kwa makolo anzanga nonse. Ndine Mmalawi wogwira ntchito m'galaja ina kuno ku Johannesburg, ndipo banja langa lili kumudzi m'boma la Ntcheu, kumene mayi a kunyumba akukhala pamodzi ndi amayi anga ondibereka. Tili ndi ana awiri. Wamkulu ndi mtsikana wa zaka zisanu, amene ayambe Sitandade 1 chaka chamawa, ndipo wamng'ono ndi mnyamata amene wangokwanitsa kumene zaka ziwiri.

Chaka chatha, Khirisimasi itayandikira, ndinalowa m'sitolo ina yaikulu n'kugula zinthu ziwiri zimene zinandikopa m'maso: galimoto yofiira yoyendetsa ndi rimoti, ndi kachipangizo kooneka ngati kompyuta kamene kamayimba ndi kutchula malembo m'Chingerezi munthu akadina mabatani ake. Pa bokosi panalembedwa kuti n'chophunzitsira ana, ndipo ine sindinakayike. Ndinapereka katunduyo kwa a transipota, anadutsa naye pa Beitbridge ndi ku Tete, ndipo anafika kumudzi wosaphwanyika. Tsiku loyamba ana a mudzi wonse anadzaza pakhonde, moti mayi awo ananditumizira chithunzi chimene ndinaonetsa aliyense kuntchito. Sabata isanathe mabatire anatha, ndipo pa golosale yapafupi panalibe a mtundu umenewo. Pamene ankapezeka ku boma n'kuti galimoto itaguluka kale gudumu, ndipo agogo awo anali atatsekera kakompyuta kaja m'sutikesi kuti ana asakawononge.

Nditapita kumudzi pa Pasaka ndinapeza mtsikana uja akukoka ndi chingwe katoni imene ndinalongedzamo katunduyo. M'katonimo munakhala mlongo wake pamodzi ndi zitsononkho zingapo, ndipo iye ankafuula kuti, "Balaka! Balaka! Watsala mmodzi!" kwinaku akutolera masamba a mango ngati ndalama. Ndinaseka, koma mumtima ndinawerengera masiku amene ndinagona pansi pa magalimoto a eni kuti ndigule zija zili m'sutikesi.

Chaka chino ndapatula R700. Ndikupempha nzeru kwa amene muli ndi luso pa nkhani ya ana: ndigule chiyani chimene chingawasangalatse komanso kuwaphunzitsa, chimene ana awiri osiyana msinkhu chotere angasewere nacho, chopepuka kunyamula, ndiponso chosalira magetsi, poti kunyumba tili ndi kasola kongotchajira foni basi? Wamng'onoyo chilichonse chimene watola chimathera m'kamwa. Mayi awo akuti ndiwonjezere ndalama ndigule tabuleti, chifukwa ana a m'tauni akuphunzirira pamenepo, koma ine mtima sukundilola bwino.

Mlezi wa sukulu ya mkombaphala, Dedza

Achimwene, ndalera ana pa sukulu ya mmera mpoyamba ya m'dera lathu kwa zaka 11, ndipo ndikawerenga nkhani yanu ndikuona kuti mwana wanu wakuyankhani kale ndi katoni ija. Ine ndikafuna kuyesa choseweretsa ndimadzifunsa kuti pakati pa mwana ndi chinthucho, akugwira ntchito ndi ndani. Galimoto ya rimoti imathamanga yokha, imalira yokha, imayatsa nyali yokha, ndipo mwana amangotsala ndi chala chimodzi chodinira. Akaiona kasanu waimaliza. Katoni sidziwa kuchita kalikonse, choncho zonse anachita ndi mwanayo: anaganiza kuti ikhale minibasi, anafuna chingwe, anamanga mfundo, anasankha wokwera, anatchula mtengo ndi kubweza chenji. Mawa katoni yomweyo idzakhala nyumba, mkuja idzakhala okala.

Chifukwa cha ichi, chinthu choyamba chimene ndingakulangizeni simufunika kuchinyamula kuchokera ku Joni. Tumizani ndalama pang'ono kuti mayi a kunyumba apite kwa kalipentala wa pafupi akadulitse timatabwa tomangira, pafupifupi 40, kuchokera ku zidutswa zotsala popala mipando. Amuuze zinthu zitatu. Timatabwato tikhale tatikulu kosatheka kulowa m'kamwa mwa mwana, atipale ndi sandipepa mpaka m'mbali monse musalale, ndipo miyeso yake igwirizane, kutanthauza kuti tiwiri tatifupi tikalumikizana tifanane ndendende ndi kamodzi katali. Asapake penti. Mfundo ya miyesoyi anthu amaipeputsa, koma m'menemo ndi mmene muli masamu. Tsiku lina mnyamata wina wa zaka zinayi pasukulu pathu ankamanga khola, ndipo timatabwa titalitali tinamuthera mbali imodzi isanatsekeke. Anayang'ana uku ndi uku, anafuna kulanda kwa mnzake, ndinamuletsa. Anakhala chete kanthawi, kenako anatola tiwiri tatifupi n'kutiika mondondozana pampatapo, ndipo titakwanira anandiyang'ana ngati watola ndalama panjira. Mwana ameneyo tsiku limene mphunzitsi adzalembe theka pa bolodi sadzaona chachilendo. Nzeru imeneyi si ya lero ayi. Friedrich Fröbel, Mjeremani amene anayambitsa dzina loti kindergarten mu 1840, ankayamba kupatsa ana timipira tofewa ndi timatabwa totere.

Ubwino wina ndi woti ana anu onse awiri adzapezapo chochita. Wa zaka ziwiri ali pa msinkhu wothira ndi kukhuthula, wosanjikiza ndi kugwetsa. Mukamupatsa beseni ndi timatabwa adzadzaza, adzakhuthula, adzayambanso, ndipo wamkulu woonerera amayesa kuti mwanayo akungotaya nthawi, pamene iye akulimbitsa zala ndi kuphunzira tanthauzo la mkati ndi kunja, kudzaza ndi kutha. Wa zaka zisanu adzamanga nyumba, mlatho ndi siteji ya minibasi yake ija. Mkangano udzakhalapo ndithu, chifukwa wamng'ono amakonda kugumula zimene mkulu wake wamanga, koma umenewonso ndi gawo la maphunziro.

Za kakompyuta kaja, ine sindikudandaula kuti kali m'sutikesi. Kamatchula mayina a malembo m'Chingerezi, ndipo pamenepo pali msampha umene makolo ambiri sauona. Lembo limene ife timati a, iko kamati "ei". Limene timati e kamati "ii". Limene timati i kamati "ai". Mwana wanu akakalowa Sitandade 1 adzayamba ndi maliwu ndi maphatikizo a Chichewa, ma, me, mi, mo, mu, ndipo ndaonapo ana amene amayimba nyimbo yonse ya malembo mosaphonya koma ukawalozera lembo limodzi pakati sadziwa kuti n'chiyani. Chingerezi adzachiphunzira, sichithawa. Chimene chikufunika chaka chino ndi choti dzanja lake lizolowere kugwira cholembera ndipo khutu lake lizolowere kumva kuti mawu oti mayi, madzi ndi mango akuyamba mofanana.

Ndiye kuchokera kumeneko mugule zinthu zopepuka izi: makrayoni onenepa, sileti ndi choko, mapepala ambiri osalembapo, ndi sizasi ya ana yosasongoka. Sizasi imalimbitsa minofu yomweyo imene imagwira pensulo. Ngati mungapeze chithunzi choduladula cholumikiza, cha zidutswa 12 mpaka 24, n'chabwino kwa wamkuluyo, ngakhale ife kuno timangomata chithunzi cha kalendala yakale pa katoni n'kuchidula tokha. Musawapatse zonse tsiku limodzi. Zina zibisidwe, zizituluka pakatha masabata awiri, ndipo zija anazitopa zilowe m'malo mwake. Pamenepa sutikesi ya agogo ipeza ntchito yoyenera, koma muwapemphe mwaulemu kuti asasunge zinthu mpaka ana atakula n'kuzipitirira, chifukwa choseweretsa chosathimbirira ndiye kuti sichinagwire ntchito.

Namwino wa ku wodi ya ana, Lilongwe

Bambo, amayi a ku Dedza anena za maphunziro ndipo sindiwonjezerapo. Ine ndaima pa chiganizo chanu chija chakuti wamng'ono chilichonse chimathera m'kamwa, chifukwa ana otere ndi amene timawalandira.

Ndiyambe ndi zimene munatumiza kale. Imbani foni lero, mayi a kunyumba atsegule sutikesi ija ndi kuyang'ana rimoti pamodzi ndi kakompyutako. Ngati muli timabatire tozungulira taphanthiphanthi, tonga ndalama yachitsulo, atichotse ndi kutitaya kumene mwana sangafike, ngakhale tikhale totha mphamvu. Kabatire kotere kakamezedwa n'kutsakamira pakhosi sikatseka mpweya nthawi zonse, choncho mwana amatha kuoneka bwinobwino, akungotuluka dovu kapena kukana chakudya, pamene mkatimo kakuwotcha njira ya chakudya. Chilonda choopsa chimatha kuyamba m'maola awiri okha. Mukangokayikira kuti mwana wameza, musamusanzitse ndipo musadikire kuti kucha, thamangirani kuchipatala ndi kunena momveka kuti ndi batire. Timabatire timeneti timapezekanso m'mawotchi, m'timatochi tapamakiyi ndi m'nsapato za ana zothwanima. Choseweretsa chilichonse cha batire chimene chitseko chake sichimangidwa ndi sikuluwu musachigule.

Chachiwiri ndi kukula kwa chinthu. M'maiko amene amayesa zoseweretsa asanazigulitse ali ndi kachubu kotambalala pafupifupi masentimita atatu, ndipo chilichonse cholowa chonse m'menemo saloleza kupatsa mwana wosakwana zaka zitatu. Ndicho chifukwa chake pa mabokosi ena mumaona kankhope ka mwana kali m'bwalo lofiira lodulidwa ndi mzere, pambali pake atalemba 0-3. Kunyumba mungayese ndi kachubu kapakati pa pepala la kuchimbudzi. Musayese chidole chokha ayi, koma muyesenso zimene zingathothoke: maso a chidole, magudumu, mabatani, mikanda. Muli m'sitolo momwemo kokani diso la chidolecho ndi zala, ndipo likagwedera chibwezeni pashelefu.

Vuto lanu lenileni ndi loti muli ndi ana a misinkhu iwiri m'nyumba imodzi. Zimene zili zoyenera kwa wa zaka zisanu, monga mabo, mikanda, zitsekerero za mabotolo ndi njere zowerengera, ndi zomwezo zimene zingapweteke mlongo wake. Ndinathandizapo kuchotsa nyemba m'mphuno mwa kamtsikana kena ka zaka ziwiri ndi theka. Amayi ake anabwera patatha masiku anayi atadabwa ndi fungo lotuluka m'mphuno imodzi, ndipo nyembayo inali itafufuma ndi chinyezi mpaka kudzaza njira yonse. Inachokera m'kachitini kamene mkulu wake ankaphunzirira kuwerenga. Choncho tinthu ting'onoting'ono ta wamkulu tikhale m'chitini chotsekeka bwino, pamwamba, ndipo azitulutsa mlongo wake akagona kapena akakhala kumsana. Njere za nsatsi zisakhale m'gulu la zowerengera n'komwe, chifukwa zikatafunidwa ndi poizoni.

Pali zina zitatu zimene ndingotchula mwachidule. Timaginito tating'ono tikamezedwa tiwiri timakokana kudzera m'matumbo n'kuwabowola. Chibaluni chophulika kapena chosapopa chimamatirira pakhosi ndipo n'chovuta kuchichotsa. Chingwe chachitali, ngati chija cha minibasi, chisasiyidwe ndi wamng'onoyo ali yekha.

Pomaliza ndi penti. Inu a m'galaja mukuudziwa mtovu wa m'mabatire a galimoto. Penti ina imakhala ndi mtovu womwewo, ndipo mwana woluma chidole amaumeza pang'onopang'ono, n'kumawononga ubongo popanda chizindikiro chooneka msanga. Mu 2007 kampani yaikulu ya zidole ya ku America, Mattel, inaitanitsa zoseweretsa zake zochuluka kuti zibwezedwe chifukwa cha penti ya mtovu ndi timaginito tothothoka. Ngati zinachitikira kampani yodziwika chotero, kuli bwanji katundu wopanda dzina la wopanga amene amagulitsidwa pamphasa? Ichi ndi chifukwa chinanso chomvera amayi aja pamene akuti timatabwa tisapakidwe penti. Ndipo inu mukapita kumudzi, zovala za kuntchito musamanyamulire nazo mwana musanazichape.

Agogo, mphunzitsi wopuma, Zomba

Mwana wanga, ndawerenga zonse ndipo ndikugwirizana ndi amayi awiriwa pa zambiri, koma ndili ndi dandaulo limodzi. Tonse tikukamba za zinthu zogula kapena zodulitsa, ngati kuti kumudzi kwanuko ana akusowa chochita mpaka katundu atafika pa Mwanza. Ine ndinaphunzitsa makalasi ang'onoang'ono kwa zaka zambiri, kuphatikizapo nthawi ija ya 1994 pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere ndipo ana anasefukira mpaka pansi pa mitengo. Tinalibe zipangizo, koma ndinkatha kuzindikira msanga mwana amene amasewera bawo ndi agogo ake, chifukwa kuphatikiza ndi kuchotsera kunali m'zala zake kale.

Bawo lathu lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, ndipo njere zake ndi 64. Kwa mwana wa zaka zisanu limenelo ndi lalikulu, koma palibe lamulo loletsa kukumba pansi pa mtengo mizere iwiri ya maenje anayi ndi kuika timiyala tiwiritiwiri. Pofesa timiyala, kamwala kamodzi pa dzenje lililonse osadumpha, mwana amaphunzira chinthu chimene ambiri amalowa nacho sukulu asakuchidziwa, chakuti nambala imodzi imayendera chinthu chimodzi. Ana ambiri amalakatula manambala mpaka 20 ngati nyimbo, koma ukawapatsa miyala isanu ndi iwiri amawerenga mpaka 10, chifukwa pakamwa pakuthamanga kuposa chala. Pabawo zimenezo sizitheka, mnzako amakugwira dzanja. Mwana amaphunziranso kudikira mpata wake ndi kudyedwa osalira. Musanene kuti bawo ndi la amuna. Mdzukulu wanga wamkazi amandidya ine amene ndinamuphunzitsa. Zoona, timiyalato tisasiyidwe pomwepo masewera akatha, monga anenera a namwino.

Galimoto ya mawaya nayo ndi sukulu payokha. Mnyamata amene akupinda gudumu pa chitini kuti onse anayi afanane, amene wazindikira kuti chiwongolero chikatalika kwambiri chimapindika, akuchita ntchito yomweyo imene inu mukudyera ku Joni. Mwana wanu sangaipange yekha panopa, koma m'mudzimo simungalephere kukhala mnyamata wa zaka 11 kapena 12 wodziwa. Mukadzapita mudzamutengere pulayala yakale ndi waya wofewa, mudzakhale nawo pansi, mtsikana wanu azikupatsirani zida, ndipo nsonga zonse mudzazipinde ndi kuzikulunga ndi mphira kuti zisabaye diso. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, zipangizo zake anazitola m'zitsulo zotayidwa. Manja ozolowera kutola ndi kulumikiza amayambira pa zinthu ngati zimenezi.

Onjezanipo phada, jingo, dongo loumbira ng'ombe, mapesi opangira magalasi, ndi masanje akatha kukolola. M'masanje mwana amakhala mayi, mfumu kapena wogulitsa pamsika, ndipo amayankhula mawu ambiri kuposa amene angayankhule tsiku lonse ndi akuluakulu. Wamkulu angokhala chapafupi chifukwa cha moto ndi ndowa za madzi.

Tsono pali chinthu china chimene mungatumize mlungu uliwonse popanda kulipira a transipota. Mwanena kuti kunyumba kuli foni. Jambulani mawu anu pa WhatsApp mukuyamba kuti "Padangotelo," muime pang'ono kuti iwo ayankhe kuti "Tili tonse," kenako mupitirize nthano ya kalulu. Kapena muponye chilapi, monga chija cha nyumba yopanda khomo, ndipo yankho lake loti dzira mulisunge mpaka mawa lake, kuti mwana agone akuganiza ndi kufunsa agogo ake. Ngati mukufunabe kugula kanthu, gulani mpira weniweni ndi kapampu kake. Wachikulunga tinakula nawo ndipo ndimaulemekeza, koma sindinaonepo mwana wokana mpira wodunda.

Mayi wa ana atatu, Leeds

Agogo, mwanena zoona, koma mundilole ndiimire pang'ono achimwenewa, poti inenso ndinasiyapo mwana kumudzi kwa zaka zitatu ndisanathe kumuitanitsa. Kholo limene lili kutali likamagula kanthu, sikuti likunyoza bawo kapena masanje. Limafuna kuti mwana akhale ndi chinthu chogwirika chimene anganene kuti ichi anatumiza ndi bambo anga. Mwana wanga ankagona ndi kachidole kansalu kamene ndinamutumizira mpaka kanatha ubweya, ndipo panopa ali ku sekondale koma sanakataye. Choncho mugule ndithu, achimwene, kungoti mugule chokhalitsa.

Ndikanakhala inu ndikanafunafuna Duplo wogwiritsidwapo kale ntchito, m'masitolo ogulitsa katundu wakale kapena pa Facebook, chifukwa watsopano R700 singapite naye patali. Ndi timadina tapulasitiki tolumikizana topangidwa ndi kampani ya LEGO ya ku Denmark, koma kukula kwake ndi kowirikiza kawiri poyerekeza ndi LEGO wamba, ndipo anatipangira dala ana aang'ono. Samalani kuti asakusakanizireni ndi tating'onoto. Ndi topepuka, sitilira batire, timachapika ndi sopo, ndipo athu anadutsa m'manja mwa ana atatu tisanawapereke kwa ena. Sindikutsutsa timatabwa ta amayi a ku Dedza, zonse ziwiri zimayenderana. Muwonjezepo chidole chansalu cha khungu ngati lathu, chimene maso ake ndi osokedwa ndi ulusi, ndipo mayi awo adule kachidutswa ka chitenje koberekera. Mnyamatayonso akafuna kubereka musamuletse. Kwa wamkulu, masewera a njoka ndi makwerero amathandiza kuona manambala ali m'ndondomeko mpaka 100, ngakhale kadayisi kake n'koyenera m'chitini chija cha pamwamba.

Za tabuleti, mtima wanu ukukuuzani zoona. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo akuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepera apo ndiye bwino. Ine ndinagwa mumsampha umenewu ndi mwana wanga wachiwiri. Ndinkabwera wotopa kuchokera ku ntchito ya usiku, ndipo tabuleti inkandigulira tulo. Anaphunzira mitundu ndi nyimbo zambiri, inde, koma ukamuyankhula sankatembenuka, ndipo tsiku lililonse pomulanda pankakhala maliro. Zinatitengera miyezi kuti tibwerere. Kumudzi mungowonjezapo mkangano wa kasola ndi ndalama za bando. Achemwali anga akunyumba kwanuko musawaone olakwa, akufunira ana zabwino, ndipo mwina akufunanso kupumako. Mukambirane nawo bwino.

Mmalo mwake, pa intaneti pali tsamba lotchedwa African Storybook, loyendetsedwa ndi bungwe la Saide la ku Johannesburg komweko, limene lili ndi nthano za zithunzi zaulere m'zilankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo chathu. Sankhanipo zisanu, mukasindikize pa shopu ya makompyuta, muzikute ndi pulasitiki kuti zipirire manja a phala. Mukasunga zina zofanana nazo kwanuko, mungamawerenge pa foni inu muli ku Joni, mwana akutembenuza masamba ali ku Ntcheu.

Tate wa ana awiri, Johannesburg

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza kuposa mmene ndinkayembekezera. Amayi a namwino, ndinaimba usiku womwewo. M'kakompyuta muja munali mabatire wamba, koma m'katochi kena kamene ndinawonjezera m'katoni, kamene ndinali nditakaiwala, munapezeka timabatire tozungulira titatu, ndipo chitseko chake chinali chongokankha ndi chala. Katochiko kanali pawindo, pamene mnyamatayo amafikira akakwera pampando. Atichotsa.

Mayi a kunyumba apita kale kwa kalipentala, ndipo iye wadabwa kuti munthu akufuna kulipira zidutswa zimene amakolezera moto. Wafunsa ngati angapake vanishi kuti tioneke bwino. Za tabuleti takambirana mpaka mayunitsi kutha, ndipo tagwirizana kuti tiziona mtsikanayo akafika Sitandade 3. Agogo, chilapi cha dzira ndatumiza dzulo. Yankho limene labwera m'mawa uno ndi loti chulu, ndipo akuti ndisamuuze kaye, akuganizabe.

Mlezi wa sukulu ya mkombaphala, Dedza

Vanishi ayi, achimwene, poti wamng'onoyo adzaluma ndithu. Sandipepa yekha akwanira, ndipo timatabwato tikamagwiridwa tsiku ndi tsiku timayamba kuwala tokha. Kalipentalayo asagwiritse matabwa amene anathiridwa mankhwala a chiswe kapena oyilo wakuda, ndipo mayi a kunyumba ayendetse kamodzikamodzi pa tsaya lawo asanalipire, chifukwa kamene kakukanda tsaya kabwerere ku sandipepa. Katoni imene mutumiziremo katundu wa chaka chino musankhe yolimba ndi yokulirapo kuposa ija, popeza wokwera wake wakula.